Chala Chobwereka

Germiston, Joni
14 Januwale 2024

Okondedwa mayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mkazi wanga Jean. Ine kuno ndili bwino, ntchito ya pagalaja ikuyenda, kungoti mapepala anga sanatulukebe, ndiye zobwera kumudzi tizingopemphera. Kalatayi ndapatsira a Douglas, adalaivala a thiraki aja amatsitsa katundu pa Luchenza, chifukwa za foni ndatopa nazo. Ndikaimba, mawu anu amabwera oduka-duka ngati mukulankhulira m'chitini, mayunitsi n'kutha tisanamalize ndi moni womwe. Kampani ya mafoni imeneyo kudula ndalama imadziwa, koma kukonza netiweki ya kuesiteti ayi.

Mayi, ndili ndi nkhani yoseketsa koma yopsetsa mtima. Paja pamene kiliniki ya esiteti inabweretsa makina oika chala aja, munapereka nambala yanga kuti ndizilandira mauthenga a matenda anu a BP. Ndiye Lachiwiri ndili pansi pa galimoto, foni yalira. Ndiwerenge, akuti: "Mayi Esnat Mulepa, tikukufunirani uchembere wabwino. Musaiwale kubwera kusikelo ya amayi oyembekezera."

Ndinaseka mpaka ndinamenyetsa mutu kuchitsulo. Inu mayi anga, a imvi mutu wonse, azidzukulu ali kusekondale, bambo anatisiya kalekale, lero muli ndi pakati? Anzanga pagalaja anagwa nazo ndi phwete.

Koma madzulo ake kunabwera uthenga wina woti mankhwala anu a BP aimitsidwa chifukwa ndi oopsa kwa mayi woyembekezera. Apa kuseka kunatha. Kodi n'zoona? Mukumwa chiyani tsopano? Anthu amenewa asasewere ndi moyo wanu. Kampani yomwe inagulitsa makinawo ndi yaikulu, ili ndi maofesi kuno komwe, ndipo ine ndithana nayo. Akuganiza kuti wothyola tiyi alibe mwana wodziwa kuwerenga.

Ndiyankheni msanga. Mumuuze Jean kuti nayenso azilembako, dzanja silinathyoke.

Ndine mwana wanu,
Fackson


Kumalayini, pa esiteti, Thyolo
27 Januwale 2024

Mwana wanga Fackson,

Kalata yako ndalandira, pamodzi ndi sopo ndi juzi. Juziyo ndi yaikulu, kaya unkayesa ndanenepa. Kuno tili bwino, mvula ikugwa usana ndi usiku, tiyi waphuka moti dengu likudzadza dzuwa lisanafike pamutu. Nandolo wa kuseri kwa nyumba wamera bwino. Jean akupereka moni.

Za uthenga uja, waseka wachita bwino, nanenso ndinaseka. N'zoona kuti mankhwala anga aja, timapilitsi toyera tija, makina akukana kutulutsa. A Everson, adokotala a pakiliniki, andipatsa ena amene makinawo alola. Amandigonetsa tulo ndili chiimire m'munda, ndipo mutu sukuleka kwenikweni, koma ndikumwa. Akuti iwo alibe mphamvu yofufuta zimene zalembedwa m'makinamo, wofufuta ndi eni ake a kampani.

Tsono ndikupemphe chinthu chimodzi. Nkhaniyi isiye. Usapite kumaofesi a anthu, iwe wopanda mapepala, angakugwire chifukwa cha mapilitsi a nkhalamba. Usauzenso anzako. Zinthu za kuchipatala sizoulutsa. Zikonzeka zokha, ndadwala BP zaka zambiri ndipo sinandiphe.

Ndamva kuti kumeneko kukutentha. Uzimwa madzi, usamangomwa zija mumamwa pa Loweruka.

Ndine mayi ako,
Esnat


Kumalayini, pa esiteti, Thyolo
29 Januwale 2024

Mwana wanga Angella,

Muli bwanji ku Limbeko, iwe, bambo a ana ndi azidzukulu anga? Kalatayi ndapatsira a Ester ogulitsa nthochi, ndipo ndamata bwino. Uwerenge uli wekha. Pafoni sindinganene, paja kuno netiweki imagwira pachulu cha pageti la fakitale pokha, pomwe anthu amaima mulu aliyense foni kukhutu, khutu linalo kwa mnzake.

Mlongo wako Fackson wakuuza kale kuti makina a kukiliniki andilemba kuti ndine woyembekezera. Iye akuti makina apenga. Angella, makinawo sanapenge.

Chaka chatha, atabwera anyamata a kampani kudzatilemba, anatilanda mabuku athu a kuchipatala n'kuwaika m'makatoni, akuti tsopano buku lako ndi chala chako. Koma iwe ukudziwa zala za wothyola tiyi. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinasalala ngati sopo wotsalira, zinazo ming'alu yokhayokha. Mnyamatayo anayesa zala zanga zonse. Anati ndizipumire mpweya, ndinapumira. Anati ndizipake pamphumi, ndinapaka. Makina duu. Kumbuyo mzere wafika kumsewu, akapitawo akukuwa kuti masamba akufota. Ndiye mlamu wako Jean, amene anandiperekeza, anangoti, "Mayi, ndikubwerekeni changa." Sitinaone cholakwika. Kumunda mnzako akadwala timamuthirira masamba m'dengu lake kuti sikelo imuwerengere tsiku, ndi mmene timakhalira. Mnyamatayo anayang'ana kumbali, makina analira, dzina langa linalowa.

Itafika nthawi ya Jean, makina anakana, akuti chala ichi chili kale ndi mwini wake. Ndiye kuyambira pamenepo Jean kukiliniki kulibeko. Akaika chala, amatuluka ndine. Mwezi ndi mwezi timapita limodzi, iye n'kuika chala, ine n'kulandira mankhwala.

Mwezi watha Jean anapita yekha kukiliniki ya kudivishoni ya kumtunda, komwe samudziwa, kukayezetsa. Mwana wa eni ake ankayesa kuti makina a kumtunda ndi ena, a kuno ndi ena. Sankadziwa kuti onse ndi mimba imodzi.

Tsiku lolandira mankhwala, a Everson anayang'ana pagalasi la makina, anayang'ana ine, kenako anayang'ana Jean, n'kuyamba kukonza mapepala amene anali okonza kale. Ine ndinamva kutentha kumaso. Tinabwerera kunyumba. Titafika, Jean anagwada pakhomo, nsapato zili kuphazi. Za mwini mimbayo sindinamufunse, dzina lakelo lindithandiza chiyani? Fackson chaka chachitatu chino asanaponde kuno. Kuwerenga miyezi aliyense amadziwa.

A Everson akuti kuti kampani ifufute, ifuna idziwe kuti anayezedwayo anali ndani. Iwonso akuopa, chifukwa akhala akuona chala cha wina chikutsegula dzina la wina osanena. Khoswe wakhala pamkhate, mwana wanga. Ndikafuna mankhwala anga, ndiye kuti ndamuvula Jean pagulu.

Ndili ndi manyazi ngati mimbayo ndi yangadi. Usamuuze mlongo wako. Undiyankhe kudzera mwa a Ester.

Mayi ako


Germiston, Joni
18 Febuluwale 2024

Achemwali a Angella,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Mayi andilembera kuti nkhani ya makina ija ndiisiye. Ndi mmene alili anthu a kwathu, akawapondera phazi amapepesa ndi iwo. Ine sindisiya.

Koma achemwali, kampani imeneyi ndi mfiti. Ndinaimba nambala yawo, anandiimbira nyimbo mpaka nthawi ya chakudya chamasana yonse inatha. Atayankha, anati iwo ndi a nthambi ya kuno, za ku Malawi ndilembe pa intaneti. Ndinalemba. Chinandiyankha chinthu chotchedwa mthandizi, chaulemu kwabasi, koma si munthu. Ndachiuza kuti mayi anga ndi agogo, sangakhale ndi pakati. Chikuti pepani kwambiri, kodi mukufuna malangizo a zakudya za mayi woyembekezera? Ndinatsala pang'ono kuponya foni m'mafuta.

Tsiku lina ndinapempha bwana kuti ndichoke msanga, ndinavala shati yoyera, ndinapita kuofesi kwawo. Nyumba yagalasi yokhayokha, mlonda sanandilole ngakhale kuponda pakhonde. Anandipatsa kakhadi kolembedwa nambala yomwe ija ya nyimbo.

Mapeto ake anditumizira nambala ya dandaulo, n'kunena kuti wodandaula ayenera kukhala mwini wake wa dzina, ndipo atsimikize poika chala pakiliniki. Mawa lake kwabwera uthenga woti dandaulo lanu latsekedwa, tipatseni nyenyezi zingati pa ntchito yathu. Nyenyezi!

Ndiye ndachita zimene amaziopa. Ndajambula mauthenga onse aja, ndaika pa Fesibuku pamodzi ndi chithunzi cha mayi chija ali ndi dengu kumsana, ndalemba kuti onani kampani yopatsa agogo mimba n'kuwamana mankhwala. Achemwali, zayaka moto. Anthu agawana mpaka ku Lilongwe, a m'gulu la ana a ku Thyolo onse akuitukwana kampaniyo. Tione ngati sayankha.

Chinanso, Jean wandikwiyira chiyani? Ndikaimba sayankha, akayankha akuti netiweki. Ngati ndi za foni yatsopano ndinamulonjeza ija, mumuuze kuti ikubwera. Mkazi ameneyu wandisungira mayi anga bwino, sindimuiwala.

Mlongo wanu,
Fackson


Limbe
25 Febuluwale 2024

Fackson,

Moni tipatsana bwino tsiku lina. Chotsa zimene waika pa Fesibuku, lero lomwe. Ndakuimbira, ukundidula n'kumati ndine wamantha ngati mayi, ndiye ndalemba kuti uwerenge kawiri.

Unawapempha mayi usanaike nkhope yawo pamenepo? Iwe uli ku Joni, ukatseka foni nkhani yatha. Iwo mawa m'mawa akaima pamzere wa sikelo ndi anthu omwe aona chithunzicho. Matenda a mayi ako ndi zinthu zogawana ngati nyimbo?

Za mankhwala ndikuyesetsa. Ndinapita kufamase, akufuna pepala la dokotala. Pepala la dokotala limatuluka m'makina omwewo, ndipo buku lawo lakale linapita ndi makatoni. Pamsika ndinapeza mapilitsi oyera ofanana nawo, wogulitsa akulumbira kuti ndi omwewo, koma ndaopa kutumiza. Mayi ndiwatenga ndipite nawo kwa dokotala wa kuno akangondilola, pakali pano akukana kusiya ntchito nyengo ya masamba.

Pali zinthu zimene sukuzidziwa, ndipo si ine woyenera kukuuza. Ungomva zanga kamodzi kokha m'moyo wako. Chotsa.

Angella


Kumalayini, pa esiteti, Thyolo
9 Malichi 2024

Angella mwana wanga,

Ndalandira shuga ndi mawu ako. Ukuti ndibwere ku Limbe. Ndibwera masamba akachepa, pano ndikachoka akapitawo alemba wina pamalo panga, nyumba ino n'kupita nayo.

Mlongo wako wandiveka chisoti. Chithunzi changa chili m'foni ya aliyense, ngakhale ana a sukulu. Lolemba ndikufika pasikelo ndi dengu, amayi anayamba nthungululu. Wina anandibweretsera chitini choti ndikhalire, akuti oyembekezera saima nthawi yaitali. Wina akufunsa ngati ndikulakalaka dothi kapena mango osapsa. Kalaliki wa sikelo naye, mwana amene ndinamuona akukwawa, akuti lero tiyeza kawiri, dengu ndi mwana. Ndinaseka nawo, nanga n'kutani? Sakunena mwankhanza, onse akudziwa kuti ndi makina openga, ndipo akuitukwana kampani pondimvera chisoni. Koma Jean amakhala ataima pambali panga pomwepo, atamanga zitenje ziwiri, maso pansi. Nthabwala iliyonse imadutsa pa ine n'kukagwera iye.

Kutchalitchi akazi a abusa anandikokera pambali n'kundipempherera kuti Mulungu achititse manyazi onama. Ndinati ameni. Ameni ameneyo akundiwawabe pakhosi.

Kukiliniki makina andipatsa neti ya udzudzu ndi mapilitsi owonjezera magazi. Ndinalandira, ndipo akumwa ndi Jean, chifukwa iye kusikelo ya oyembekezera sanapitenso, akuopa kudziwika. Taona moyo wake, nkhalamba ikukalandira za mimba, wamimba akubisala kuseri kwa nandolo.

Mutu ukundipweteka kumbuyoku, ndipo ndikawerama m'tiyi ndimaona ziphaniphani masana. A Everson anandiyeza n'kugwira pakamwa. Jean wandipempha kangapo kuti akanene. Ndamuletsa. Ndati tidikire nyengo ithe, ndimutumize kwawo ku Thekerani ngati akukathandiza kukolola, zinazo tikaganiza ali kutali ndi maso a anthu.

Ukundifunsa chifukwa chake ndikuika moyo wanga pachiswe chifukwa cha mkazi amene walakwira mwana wanga. Kwathu kuno mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, iwe ukudziwa. Jean anasiya munda wa amayi ake, anabwera kudzakhala ndi mpongozi m'kanyumba ka esiteti, mwamuna n'kumusiya pomwepo. Amene amanditungira madzi ndi iye. Ndikadwala amene amatsuka zoipa zanga ndi iye. Ndiye ndisakunamize kuti ndine woyera mtima. Ndikumubisa chifukwa ndimamukonda, komanso chifukwa akapita nditsala ndekha. Zimenezi ndiye zimandichititsa manyazi kuposa nthungululu zija.

Upereke moni kwa ana.

Mayi ako


Pa esiteti, Thyolo
21 Malichi 2024

Alamu a Angella,

Ndine Jean. Pepani kuti ndikulemberani ine, ndikudziwa kuti mayi anakuuzani zonse ndipo dzina langa simungafune kuliona. Dzulo pafoni simunandimve bwino, ndiye ndalemba kuti a Ester akupatseni m'mawa.

Mayi anagwa Lachiwiri m'munda, dengu lili kumsana. Amayi anzawo anawanyamula pachitenje mpaka kumsewu, thirakitala ya masamba ndiyo inawafikitsa kukiliniki. Kamwa lapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja silikugwira. Akulankhula, koma movutikira.

Pakiliniki panali anthu ambiri, ena otiperekeza, ena odwala. A Everson anati ndiike chala. Ndinaika, dzina la mayi linatuluka, ndipo makina anakananso mankhwala aja, mayi ali gone pabenchi. Mayi anandiyang'ana n'kupukusa mutu kuti ndisayerekeze. Koma alamu, sindikanatha. Ndinamasula chitenje chapamwamba n'kunena kuti, "Chala ndi changa, mimbanso ndi yanga. Apatseni mayi mankhwala awo."

Amayi aja ankaimba nthungululu anangoyang'ana pansi, wina anatuluka.

Ine ndimayesa ndikanena, kabati ya mankhwala itseguka pomwepo. Ayi ndithu. A Everson analemba zonse m'makina, ndipo makinawo anatseka dzina la mayi, akuti pachitika chinyengo, mpaka a kampani afufuze. Tsopano ngakhale aja ogonetsa tulo sakutuluka. A Everson anakwera njinga yawo kupita ku Luchenza n'kubwera ndi mapilitsi m'thumba la malaya, akuti ngati ntchito ithe ithe. Ndi amene mayi akumwa pano.

A Fackson ndawalembera kalata yanga, ndawauza ndekha zonse. Ndinapereka kwa a Douglas, koma akuti thiraki yawo yawonongeka, inyamuka sabata yamawa kapena inayo. Pafoni ndayesa, mawu akundikanika.

Bwerani mudzawaone. Mukafika mundinene mmene mungafunire, ndimva.

Jean


Germiston, Joni
28 Malichi 2024

Achemwali,

Kampani yayankha.

Sinandiimbire, sinandilembere kumbali. Yayankha pansi pa chithunzi cha mayi chomwe chija, pomwe anthu onse amawerenga. Akuti afufuza ndipo ndi okondwa kutsimikizira makasitomala awo kuti makina awo sanalakwitse. Akuti chala cholembedwa pa dzinalo ndi cha mayi wina wachitsikana wa m'nyumba yomweyo, ndipo zotsatira za kuyezako ndi zoona kwa mwini chalacho. Pamapeto athokoza chifukwa chowadziwitsa.

Ndinawerenga ndili pagalaja. M'nyumba mwa mayi muli mayi wachitsikana mmodzi yekha. Anzanga aja ndinkawaonetsa mauthenga tsiku ndi tsiku anali atawerenga kale ine ndisanaone, n'chifukwa chake m'mawa wonse palibe amandiyang'ana kumaso. A m'gulu la ana a ku Thyolo, omwe ankandiombera m'manja, tsopano akuika tizithunzi toseka. Wina walemba kuti mwamuna analiza yekha ng'oma yoitanira anthu kumaliro a banja lake. Ndachotsa zonse, koma anajambula kale.

Munandiuza kuti ndichotse. Ndinakutchulani wamantha. Ndilibe pogwira.

Ndiye inu mumadziwa. Mayinso amadziwa, n'kumandilembera za nandolo. Miyezi yonseyi ine ndikuvala shati yoyera kukamenyana ndi alonda, nonse mukundionera. Sindikudziwa chimene chikundiwawa kwambiri, za Jean, kapena kuti mayi anga analolera kugwa m'munda, monga munandiuzira pafoni, kusiyana ndi kundiuza zoona, kapena kuti amene anaika nkhope yawo pamsika ndine.

Jean apite kwawo. Amalume ake abwere adzamutenge, za ankhoswe tidzakamba ndikadzabwera. Kalata yake mukuti ikubwera ija ikafika sindiwerenga. Mayi muwatengere ku Limbe. Kuwaimbira ndikulephera, sindikudziwa kuti ndiyambira pati. Mundiuze mmene dzanja lawo lilili.

Fackson


Kumalayini, pa esiteti, Thyolo
16 Epulo 2024

Mwana wanga Fackson,

Usadabwe ndi zilembozi. Dzanja langa silikugwira cholembera, ndiye ndikunena, Jean akulemba. Ukang'amba kalatayi chifukwa cha dzanja lolemba, wang'amba mawu a mayi ako.

Ndikupeza bwino. Angella anabwera, anakhala nafe masiku angapo, anandiwerengera kalata yako. Ukuti ndinakunamiza. Eya, ndinakubisira. Ndinkafuna ndipeze njira yokuuzira mwaulemu, muli anthu anayi m'nyumba, chitseko chotseka, monga zimakhalira nkhani za banja. Ndinachedwa. Iwenso unafulumira. Tonse tavulidwa pamsewu, palibe woseka mnzake.

Ndikuuze za kampani yako ija, poti unaivutikira. Sabata yatha anatumiza mtsikana ndi makina ena ojambula diso m'malo mwa chala. Akuti analipo kuyambira kale, kungoti esiteti ikadawafuna ikadalipira mwapadera. Anandijambula, dzina langa latseguka, mimba yachoka, timapilitsi toyera tija ndalandira. Mtsikanayo anapempha kuti tijambulitse ndikumwetulira. Ndinamuuza kuti kamwa ili likumwetulira mbali imodzi, adikire linalo.

Koma ndalandira kamodzi komaliza. Wothyola tiyi wa dzanja limodzi kulibe, ndiye ofesi yandipumitsa ntchito. Kiliniki ndi ya antchito, nyumbanso ndi ya antchito. Pakutha pa mwezi uno tikhala titatuluka. A Everson nawo awasamutsira kudivishoni ina.

Ukuti ndipite ku Limbe. Angella ali ndi chipinda chimodzi, mwamuna ndi ana, ndipo amachoka m'mawa kubwera madzulo. Adzanditembenuza ndani? Amalume ake a Jean anabwera monga unanenera. Munthu wamkulu anakhala pansi pakhonde, chipewa m'manja, kupepesa. Jean anawauza kuti sanyamuka pokhapokha atanditenga. Ndiye ndikupita ku Thekerani. Ndikudziwa zimene anthu anene, kuti mpongozi watsatira mkazi amene mwana wake wamusiya, akukadya za eni. Anene. Manyazi ndadya okwanira chaka chino, awa ndi ndiwo chabe.

Sindikukupempha kuti umukhululukire, zimenezo n'zako ndi Mulungu wako. Analakwa, akudziwa, ndipo akulemba yekha mawu amenewa misozi ikugwera papepala. Ndikungokuuza kumene ndili kuti ukadzandifuna usadzasochere. Ukatsika pa Thekerani udzafunse kwa amayi ake a Jean, kuseri kwa chigayo.

Usadandaule za ine. Uzidya, uzipita kutchalitchi.

Ndine mayi ako,
Esnat

A Fackson, mawu onse ali pamwambawa ndi a mayi, ndalemba mmene ananenera. Awa okha ndi anga, ndipo sakudziwa kuti ndawonjezera. Anandiuza ndilembe kuti akupeza bwino, koma sakupeza bwino. Kalatayi tailemba masiku atatu chifukwa mawu amawathawa, ndipo dzulo anandiitana dzina lanu. Musadikire mapepala. Mukafika ine ndikakhala kwa aneba mpaka mutanyamuka, simudzandiona. Bwerani mayi akadali kulankhula.